Gulugufe wa Kumanzere

M'nyumba mwa Telala munali mpikisano umodzi umene sunkatha, ndipo chikwatiwire iye anali asanaupambanepo. Chaka chilichonse kuzizira kukamatha, mitengo ikayamba kuphukira, iye ndi amuna ake ankapikisana kuti ayamba ndani kuona gulugufe. Wogonja ankadzuka m'mawa kuphika tiyi mpaka kuzizira kudzabwerenso. Anayamba zimenezi ali achinyamata, akukhala m'kachipinda kamodzi ka lendi, alibe ngakhale wailesi yowasangalatsa. Tsopano onse anali ndi imvi, koma ketulo inali isanachokebe m'manja mwa Telala.

Sikuti amuna akewo ankabera ayi. Anthu ankawatchula kuti a Kabawi chifukwa cha maso awo. Singano ikagwera pansi, iwo ankailoza ali pakhomo. Ulusi ukakana kulowa, Telala ankangotambasula dzanja osacheuka n'komwe, iwo n'kuulowetsa kamodzi n'kamodzi, kwinaku akumunena kuti ndi telala wanji wosaona bowo la singano yake yomwe. Ntchito yawo inali yoyendetsa basi ya ana a sukulu, kabasi koyera kokalamba kamene kankagona pabwalo pa nyumba yawo. Ankanyadira kuti chiyambire kugwira chiwongolero sanagundepo ngakhale nkhuku, ndipo aliyense wofika pakhomopo ankauzidwa zimenezi, afune asafune.

Chaka chimenecho kuzizira kunakakamira. M'mawa galasi lakutsogolo la basi linkakhala litanyowa ndi mame oti ukawapukuta zala zinkachita dzanzi. Mtengo wa pageti unali udakali nthambi zokhazokha. Ndiye masana ena a Kabawi analowa m'chipinda chosokera akumwetulira, makiyi akuwazunguza pachala.

"Mayi, chaka chinonso ketulo ndi yanu. Ndamuona."

"Mwaona ndani?"

"Gulugufe. Wakuda, wamng'ono. Wandiperekeza kuchokera pamlatho mpaka pageti la sukulu, mbali ya kumanzere, kuchitseko cha ana kuja."

Telala anachotsa mapini amene anawaluma. "Gulugufe wake uti wouluka kukuzizira chonchi? Anavala juzi?"

"Mukagonja muzingogonja, mayi."

"Mboni ilipo?"

Mboni inayenera kukhalapo. Mdzukulu wawo, amene ankakhala nawo chifukwa mayi ake ankagwira ntchito kutali, ankakwera basi yomweyo tsiku lililonse. Telala ankamutchula kuti Kasingano, poti anali wowonda ndiponso mafunso ake ankabaya. Atamufunsa, mwanayo anapukusa mutu.

"Ine ndinayang'anitsitsa, agogo. Kunalibe. Agogo aamuna amangoloza pawindo popanda kanthu."

Telala anaseka mpaka kutuluka misozi. Anati ukalamba wafikadi pakhomo pano, Kabawi wayamba kupeka agulugufe poopa ketulo. Tsiku lonselo anapalasa makina akuimba. Kuseka kumeneku kunadzamupweteka pambuyo pake nthawi iliyonse akakukumbukira. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mawa lake agulugufe aja anali awiri. Sabata isanathe anachuluka, onse akuda, onse kumanzere.

"Ndi amtundu wina amenewa," a Kabawi anatero. "Ukawayang'ana amathawa. Ukayang'ana kutsogolo amabwereranso."

Kenako anasiya kuwatchula, ndipo za mpikisano sanazinenenso. Apa m'pamene Telala anasiya kuseka. Munthu woti akapambana ankalengeza mpaka kwa aneba, lero angokhala duu ngati sanapambane kanthu? Anayamba kuwayang'ana mwakachetechete, monga ankayang'anira nsalu ya kasitomala pofuna kudziwa pamene yayamba kutha.

Pakudya, dzanja la a Kabawi linkakwera lokha n'kukupiza pafupi ndi tsaya lakumanzere, ngati akuingitsa ntchentche, pamene ntchentche panalibe. Potuluka m'bafa anagunda phewa pafelemu ya chitseko, n'kukalipira chitsekocho. Tsiku lina pothira tiyi, tiyiyo anatsikira pambali pa kapu n'kunyowetsa nsalu ya patebulo, iwo akuyang'ana kapuyo bwinobwino. Tsiku linanso Telala anatambasula dzanja la singano monga mwa masiku onse. Anadikira. Anamva amuna ake akunyambita ulusi, kenako akuunyambitanso.

"M'chipinda muno muli mdima," iwo anatero, n'kuika singano patebulo.

Anali masana, katani ali chitsegulire.

Loweruka a Kabawi akutsuka basi, Telala anapita kukathandiza kupukuta mawindo. Mbali yakumanzere anapeza penti itakalika mzere wautali kuyambira pachitseko mpaka kumbuyo, ndipo galasi loonera m'mbuyo la mbali imeneyo linali litamangidwa ndi waya.

"Apa panatani?"

"Wanjinga wina wosaphunzira."

"Wanjinga amasiya penti yobiriwira? Geti la sukulu si lobiriwira kodi?"

A Kabawi anathira madzi pamzerewo ngati kuti madzi angaufufute.

Mwa makasitomala a Telala munali nesi wina wonenepa, wa pakamwa posapsatira, amene ankabweretsa mayunifolomu ake kuti awakulitse. Tsiku limene anabwera, Telala anagwada n'kumayeza mpendero, maso ali pansi, n'kuyamba nkhani mozungulira.

"Pali mnzanga wina, amuna ake akuti akuona tinthu takuda tikuuluka m'maso. Ngati agulugufe."

"Diso limodzi?"

"Limodzi."

"Tikuchuluka?"

"Akuti tikuchuluka."

"Nanga kung'anima? Kapena mdima wobwera cham'mbali ngati wina akukoka katani?"

"Zimenezo sananene."

"Amuna sanena." Nesi uja anasiya kudziyang'ana pagalasi. "Mumuuze mnzanuyo awatengere kuchipatala cha maso lero, osati mawa. M'kati mwa diso muli kachikopa kamene kamatha kumatuka. Akafulumira amakamata. Akachedwa, katani uja akatseka watseka." Anayang'ana pawindo, pamene basi yoyera inaima pabwalo, kenako anayang'ana Telala. "Amuna a mnzanuwo amagwira ntchito yanji?"

"Sindikudziwa bwino," Telala anatero, ndipo pini inamubaya chala.

Madzulo a tsikulo, Kasingano akusewera panja, Telala anawauza amuna ake zonse zimene nesi ananena. Iwo anamvetsera akupukuta nsapato, mutu uli pansi.

"Ndiye mwayamba kunditenga n'kumakandiyala kwa makasitomala?"

"Sindinakutchuleni dzina."

"Ndikapita kuchipatala, mawa ahedi amva. Akamva, makiyi apita kwa wina. Mukuganiza alipo angalembe ntchito dalaivala wa imvi wa diso limodzi? Tidzadya mipendero yanuyo?"

"Katani mwayamba kumuona?"

Burashi inaima pang'ono, kenako inapitiriza. "Teremu yatsala pang'ono kutha. Sukulu ikatsekera ndipita ndekha, simuchita kundikoka. Msewu umenewu ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Ndingauyende nditatsinzina."

"Ndicho chimene ndikuopa, bambo."

Telala akanatha kupita kwa ahedi m'mawa mwake. Akanatha kubisa makiyi m'thumba la zigamba, momwe mwamuna aliyense sangaganize zoyang'anamo. Zonsezi anaziganiza, ndipo sanachite chilichonse. Ankaopa njala, inde, koma chachikulu ankaopa nkhope ya amuna ake tsiku limene adzalandidwe chiwongolero, ndi kudziwa kuti wawalanditsa ndi iye. Anadziuza kuti ayambe waonetsetsa, ngakhale ankadziwa bwino kuti ndionetsetse anathetsa nkhosa. M'mawa uliwonse ankaima pageti n'kumayang'ana basi ikutuluka, Kasingano akumubayibitsa pawindo atavala chipewa chofiira chimene anamusokera yekha. Ankakhala pamakina osasoka kanthu mpaka amve kulira kwa injini masana.

Kenako anapeza nzeru imene anaiona ngati yabwino. Ngati diso lakumanzere la amuna ake latopa, iye akhala diso limenelo mpaka teremu ithe.

"Ulusi wakuda wandithera," anatero Lolemba m'mawa, atavala kale nsapato. "Mundisiye kutauni mukatula ana."

A Kabawi anayang'ana shelefu imene inali yodzaza ndi ulusi wakuda. Anamutsegulira chitseko cha kutsogolo.

Linali tsiku loyamba lofunda. Mame anali atauma dzuwa lisanakwere, ndipo mtengo wa pageti unali utatulutsa timasamba tofiirira tonyezimira. Anthu mumsewu ananyamula majuzi m'manja. Ana ankakwera basi akulongolola kuposa masiku onse, ena akukanganirana malo a pawindo. Telala anakhala mpando wa kutsogolo kumanzere, chikwama pamiyendo, maso pamsewu.

Pamphambano iliyonse amuna ake ankatembenuza mutu wonse, khosi mpaka mapewa, ngati nkhuku ikuyang'ana chakudya. Ankayenda pakati penipeni pa msewu, kutali ndi m'mphepete. Mayi wina wokankha wilibala anatulukira kumanzere, ndipo Telala anati, "Wilibala," motsitsa mawu ngati akudziyankhulira. Basi inakhotera kumanja. Patsogolo pang'ono anati, "Galu." Kenako, "Njinga." A Kabawi sanathokoze ndipo sanakalipe. Ankangomvera, thukuta likutsika m'mbali mwa khutu. Mumtima Telala anayamba kulimba. Anaganiza kuti mwina zitheka ndithu, awiriwa atha kuifikitsa teremu kumapeto.

Malo omaliza kuima asanafike kusukulu anali pa golosale ina yokhala ndi mpopi panja. Mpopiwo unkadontha, ndipo madzi ake anapanga kachithaphwi m'mphepete mwa msewu. Apa ankakwera ana awiri apachibale amene sankasunga nthawi. A Kabawi anaimitsa basi, anakoka handibuleki, n'kuimba hutala. Mwana wina wamkulupo anatsegula chitseko kuti mphepo ilowe.

M'pamene anafika gulugufe. Anali wachikasu, wamkulu bwino, mapiko ake atsopano opanda pong'ambika. Anauluka mopepuka kudutsa padenga la golosale, anazungulira galasi lomangidwa ndi waya lija, n'kudzatera pagalasi lakutsogolo, mbali ya Telala. Anatsegula mapiko, anawatseka, anawatsegulanso.

Mtima wa Telala unadumpha ngati wa mtsikana. Zaka zonsezi, lero wayamba ndi iye. Mawu anafika pamlomo, koma anawameza. Anatembenuka n'kuyang'ana amuna ake.

A Kabawi ankayang'ana kutsogolo, zala zikugogoda chiwongolero. Gulugufeyo anali pafupi moti akanatambasula dzanja akanaloza pamene anatera. Kumbuyo ana anayamba kunong'onezana ndi kuloza. Telala anadikira kuti nkhope ija isinthe, kuti pakamwa paja pamwetulire n'kunena kuti ketulo ndi yanu, mayi. Ankafunitsitsa kugonja. Sanafunepo chinthu china chilichonse ngati mmene anafunira kugonja m'mawa umenewo. Anayang'anitsitsa diso lakumanzere lija, limene kunja kwake linkaoneka labwinobwino, loyera, lonyowa, lofanana ndi linzake. Dzanja la amuna ake linakwera n'kuingitsa kanthu pafupi ndi tsaya.

Anayang'ana nkhope imeneyo nthawi yaitali, ndipo amenewo ndiwo anali malo olakwika oyang'anapo. Sanaone kuti gulugufe wanyamuka pagalasi. Sanaone kumene watera, kapena amene watsika kumutsatira.

Ana awiri ochedwa aja anafika akuthamanga, mabatani osamanga. Anakwera, chitseko n'kutsekedwa mwamphamvu.

"Tonse tilimo?" a Kabawi anafunsa, monga ankafunsira tsiku lililonse.

"Eee," ana anayankha pamodzi, monga ankayankhira tsiku lililonse.

A Kabawi anayang'ana galasi lakumanja, anatembenuza khosi kuyang'ana lakumanzere, anamasula handibuleki. Telala anabweza maso kuwindo lake kuti ayambenso ntchito yake. Pansi, pakona ya basi, kutsogolo kwenikweni kwa tayala, anaona kansonga ka chipewa chofiira.

Anagwira handibuleki ndi manja onse awiri n'kuikoka ngati akuzula chitsa. Basi inagwedezeka, ana anagundana mitu ndi mipando, injini inazima. Koma isanazime, pansi pa tayala panamveka kuphwanyika kwa chinthu, phwaa, ndipo aliyense m'basimo anamva.

A Kabawi anagwira chiwongolero osachisiya.

"Mayi," anatero motsitsa. "Ndaponda chiyani?"

Telala sanadziwe mmene anatsikira. Anapeza Kasingano atakhala m'chithaphwi, yunifolomu ili matope okhaokha, chipewa chitapendekeka. Bampala inali itamukankha paphewa n'kumugwetsa chagada. Kabokosi kake ka chakudya, kamene anakaika pansi kuti agwire gulugufe ndi manja awiri, kanali pansi pa tayala, kataphwanyika. Nsapato yake inali itagunda tayalalo.

Telala anamunyamula, anamupapasa miyendo, mikono, nthiti, mutu. Zonse zinali zamphumphu. Mwanayo anayamba kulira.

"Wathawa, agogo. Ndimafuna ndiwagwirire agogo aamuna kuti amuone pafupi. Iwo samamuona."

Mwini golosale anali atatuluka, ndipo anthu odutsa anayamba kuima. Patapita nthawi chitseko cha dalaivala chinatseguka. A Kabawi anazungulira kutsogolo kwa basi, dzanja likutsata bampala. Anafika pakona paja n'kuima. Mkazi wawo ndi mdzukulu wawo anali pafupi nawo kumanzere, koma iwo anayang'ana kabokosi kophwanyika kaja mpaka Telala anati, "Tili kuno, bambo." Anatembenuza mutu wonse, n'kuwapeza.

Anagwada m'matopemo ndi thalauza lawo lositidwa. Anagwira phazi la mwanayo, kenako linzake, ngati akuwerenga.

"Anali wamtundu wanji?" anafunsa.

"Wachikasu," Kasingano anayankha akusisima.

"Wachikasu." Anagwedeza mutu. "Anayamba kumuona ndani?"

"Ine," Telala anatero.

"Ndiye mwapambana, mayi."

Anaika makiyi m'dzanja la mkazi wawo n'kulitseka ndi dzanja lawo. Ana onse anatsika, n'kuyenda wapansi mtunda wotsalawo awiriawiri, Telala patsogolo, a Kabawi pambuyo atagwira Kasingano ndi dzanja lamanja. Kwa ahedi analowa okha, ndipo sanakhalitsemo.

Kuchipatala anapita tsiku lomwelo. Dokotala anayang'ana m'disomo ndi kanyali, n'kufunsa kuti zinayamba liti. Atamva yankho anapuma mozama, osakalipa, ndipo Telala akanakonda akanakalipa. Opaleshoni anachita, koma katani uja anali atatseka kale mbali yaikulu, ndipo sanatsegukenso. Powatulutsa, dokotala anawauza kuti diso linalo alisamale ngati dzira, chifukwa zimene zachitika kumodzi nthawi zina zimatsatira kwinako. Akadzangoona kanthu kakuda kakuuluka, asadzadikire kuti kuche kawiri.

Basi inabwera kudzatengedwa ndi dalaivala wina. Pabwalo panatsala banga la oilo ndi udzu wofota pamene inkagona. Kunja kunafunda ndithu, ndipo agulugufe anadzaza paliponse, oyera, achikasu, amawangamawanga, mpaka ena kulowa m'chipinda chosokera. M'nyumbamo munalibe amene ankawatchula.

Bandeji itachoka, a Kabawi anaumirira kuti pangano ndi pangano. M'mawa wina Telala anadzidzimuka atamva ketulo ikulira kukhitchini iye adakali pabedi. Zaka zonse zija ankalota tsiku limeneli, mmene adzakhalire mwendo pamwamba pa unzake n'kumadandaula kuti shuga wachepa. Anakhala patebulo, ndipo chimwemwe chinakana kubwera.

A Kabawi anabwera ndi tipoti, thaulo lili paphewa ngati woperekera zakudya mu lesitilanti.

"Tiyi wa opambana," anatero.

Anapendeketsa tipoti. Tiyi anayamba kutsikira pambali pa kapu. Telala anakankha kapuyo ndi chala pang'onopang'ono mpaka inafika pansi pa tiyiyo, ndipo onse awiri anachita ngati palibe chachitika. Anamwa. Anali wowawa, masamba atachuluka.

"Ali bwanji?"

"Muphunzira. Muli ndi chaka chonse."

A Kabawi anaseka, kuseka kwawo koyamba chichokereni kuchipatala, n'kukhala pampando moyang'anana naye. Dzuwa linkalowa pawindo, Kasingano akuimba m'bafa. Akusekabe choncho, dzanja lawo linakwera lokha n'kukupiza pafupi ndi tsaya, ngati akuingitsa ntchentche. Linali tsaya lakumanja.

Telala anayang'ana m'mwamba mozungulira mutu wawo, anayang'ana pawindo, pakatani, pakhoma. Anafufuza ndi mtima wonse, koma m'khitchinimo munalibe chilichonse chouluka.

Anaika kapu pansi, tiyi asanathe.

"Valani nsapato, bambo," anatero.